Chamba chaloledwa, koma chaloledwa kwa yani?

Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa nthumwi za makalabu a alimi

Nkhani imene tapatsidwa lero ndi yovuta kuikamba pamaso pa akuluakulu. Tonse tinakula tikudziwa kuti munthu akafuna kutchula chamba amayamba watsitsa mawu, mwina n'kungoti fodya wamkulu. Koma popeza nkhaniyi inalowa kale m'Nyumba ya Malamulo, ndipo anthu ovala mataye akuikamba m'mahotela ku Lilongwe, sitikuona chifukwa choti ife eni makasu tizinong'onezana.

Tiyambe ndi kuchotsa chikayiko. Sitinabwere kudzauza munthu kuti akasute, ndipo sitinabwere kudzauza munthu kuti akadzale. Kulima chamba popanda chiphaso ndi mlandu, kusuta ndi mlandu. Lamulo la mu 2020 linaika chilango chofika zaka 25 m'ndende kwa wolima kapena wogulitsa popanda chilolezo. Wina asachoke pano n'kukanena kumudzi kuti a bungwe atiloleza.

Chamba sichinabwere dzulo m'dziko muno. M'mapiri a ku Nkhotakota ndi ku Mzimba anthu achilima kwa mibadwo, ndipo chomangidwa m'makoko a nthochi chija chinatchuka mpaka kunja, kumene amachitcha Malawi Gold. Kuletsa kwa dziko lonse lapansi kunamangidwa pa pangano la United Nations la mu 1961, limene linaika chamba m'gulu la mankhwala oopsa kwambiri pamodzi ndi heroin. Mu 1971 pulezidenti wa America, Richard Nixon, analengeza kuti mankhwala ozunguza bongo ndiye mdani wamkulu wa dziko lake, ndipo kuchokera apo anthu anayamba kunena za nkhondo yolimbana ndi mankhwalawa. Padutsa zaka zoposa 50. Funso lathu ngati alimi ndi lakuti: nkhondoyi inamenyedwera m'munda mwa yani?

Ku Colombia alimi ang'onoang'ono amalima coca, tsamba limene amapangira cocaine. Kuyambira mu 2000, pansi pa ndondomeko yotchedwa Plan Colombia, ndege zinawonjezera kupopera minda yawo ndi glyphosate. Mankhwalawa mumawadziwa, ndi omwe aja ali mu Roundup amene timaphera udzu. Tangoganizani ndege ikuthira Roundup kuchokera m'mwamba. Kodi mphepo imadziwa malire a munda? Chimanga, chinangwa ndi nthochi za anthu zinapsa limodzi ndi coca. Kupopera kwa ndegeku kunaimitsidwa mu 2015. Ndipo coca sanathe: mu 2023 bungwe la United Nations loona za mankhwalawa linapeza mahekitala 253,000, kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo. Kufupi kuno ku South Africa, apolisi ankapopera minda ya chamba ku Pondoland ndi ndege za helikopita, m'midzi yosauka ngati yathuyi.

Ena amati kuletsa kumatheka boma likakhwimitsa dzanja. N'zoona, nthawi zina kumatheka. Ku Afghanistan a Taliban analetsa ulimi wa poppy mu 2022, ndipo chaka chotsatira ulimiwu unatsika ndi 95 peresenti. Koma ndalama zoposa madola 1 biliyoni zimene zinkalowa m'manja mwa alimi zinasowa m'chaka chimodzi, ndipo dziko la Myanmar ndilo linakhala patsogolo pa ulimiwo. Msika unangosamuka. Wogula wa ku London sanagone ndi njala, anagona ndi njala ndi mlimi.

Enafe tinagwirapo ntchito ya ulangizi m'madera a kumapiri, ndipo tinkadziwa kuti kuseri kwa phiri kuli minda imene sitinkailemba m'malipoti. Mlimi wa kumeneko sanali chigawenga. Anali bambo wa ana asanu, msewu uli kutali, mlatho unakokoloka kalekale. Tinkamuuza kuti alime tomato. Tomato wake akafika bwanji pamsika? Tinkamuuza za chimanga cha haibulidi, iye n'kutifunsa mtengo wa thumba la feteleza, ife n'kuyang'ana pansi. Chamba n'chopepuka, chikauma sichiwola msanga, ndipo wogula amabwera yekha pakhomo usiku ndi ndalama m'manja. Palibe mbewu imene tinali nayo m'chikwama chathu cha ulangizi imene ikanapikisana ndi zimenezo. Komabe musaganize kuti mlimiyo analemera. Amene amalemera ndi wonyamula katunduyo kupita naye ku Johannesburg. Mlimi amalandira zochepa chifukwa sangakane mtengo, sangakadandaule kwa amfumu akaberedwa, ndipo apolisi akabwera munda umene umatenthedwa ndi wake.

Tsono timvenso mbali inayo, chifukwa muno muli amayi amene chamba chinawawonongera ana. Pali anyamata amene anasiya sukulu, pali ena amene anathera ku chipatala cha anthu odwala misala ku Zomba. Madokotala amanena kuti kusuta kwambiri munthu ali wamng'ono kumawonjezera chiopsezo cha matenda a maganizo, ndipo ife sitikutsutsa. Atsogoleri a mipingo akamadandaula sakulota ayi. Chimene tikufunsa n'chakuti, ana amenewa anayamba kusuta nthawi imene chamba chinali choletsedwa kotheratu, ndiye lamulolo linawateteza pati? Wogulitsa mobisa safunsa zaka za mwana. Dziko la Portugal mu 2001 linasiya kutsekera m'ndende anthu opezeka ndi mankhwala ochepa ogwiritsa ntchito okha, m'malo mwake linayamba kuwatumiza kwa alangizi ndi kuchipatala, pamene ogulitsa akumangidwabe. Kaya njira imeneyo ingatheke kuno kumene zipatala zothandiza anthu otere n'zowerengeka, ndi nkhani yoti a zaumoyo atithandize. Koma mnyamata wotuluka ku Maula atakhala zaka zitatu ndi akuba sabwera kumudzi atachira.

Tibwere kwathu. Mu 2015 phungu wa ku Ntchisi, a Boniface Kadzamira, anapempha Nyumba ya Malamulo kuti ilole chamba cha mafakitale, ndipo ambiri anawaseka. Chaka chomwecho mbewuyi inayamba kuyesedwa ku Chitedze. Mu February 2020 aphungu anavomereza lamulo lotchedwa Cannabis Regulation Act, lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, ndipo linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority kuti lizipereka ziphaso. Cha mafakitale chija n'chosaledzeretsa, amapangira nsalu, zingwe, mafuta ndi mapepala. Tinauzidwa kuti mbewu imeneyi idzalowa m'malo mwa fodya, amene msika wake ukufota pamene maiko akulimbana ndi kusuta, ndipo Malawi nayenso analowa m'pangano la World Health Organization loletsa kufala kwa fodya mu 2023. Tinaombera m'manja. Kumapeto kwa 2020 komweko maiko a United Nations anavota kuchotsa chamba m'gulu la mankhwala oopsetsetsa lija, 27 kuvomera, 25 kukana.

Kenako mitengo ya ziphaso inatuluka. Chiphaso cholimira chamba cha mankhwala, madola 10,000 a ku America, amene panthawiyo anali ndalama zoposa K7 miliyoni. Cha mafakitale, madola 2,000. Amayi ndi abambo, ndani muno anagwirapo K7 miliyoni mu 2020? Ndipo chiphaso n'chiyambi chabe. Pafunika mpanda, alonda, mbewu yovomerezeka yochokera kunja, nyumba zoumitsira zaukhondo, ndi kuyezetsa zokolola. Mtundu wathu wa makolo, umene unatchukitsa dzina la Malawi, unatsala kunja kwa mpanda.

Akuluakulu amene muli muno mukukumbukira kuti zoterezi tinazionapo. Nthawi ya Kamuzu lamulo la Special Crops Act linkasungira fodya wa burley eni maesiteti. Mlimi wa m'mudzi ankaloledwa fodya wa chikopa, n'kumagulitsa ku ADMARC pa mtengo umene ADMARC yafuna. Ukafuna kulima burley unkayenera kukakhala tenanti pa esiteti ya bwana, kudya chimanga cha ngongole, n'kubwerako ndi njinga ngati chaka chakukomera. Ankanena kuti mlimi wamng'ono sangakwanitse kusamala fodya wotere. Chitseko chitatsegulidwa mu 1990, alimi anapanga makalabu, analowa ku okushoni, ndipo zisanathe zaka khumi gawo lalikulu la burley wa dziko lino linkachokera m'zigafa za m'midzi. Amene ankati sitingathe anakhala chete. Kale anatitsekera ndi lamulo, lero akutitsekera ndi mtengo wa chiphaso, koma chitseko n'chomwecho.

Anatiyankha kuti tilowe m'makopaletivi ndi kusonkherana. Alimi ambiri anamvera. Ena anagulitsa ng'ombe, ena anatenga ngongole, ena anapereka ndalama za penshoni. Panabwera makampani olonjeza mbewu, maphunziro ndi msika wa madola. Mu 2021 unduna wa zaulimi unafika polembera Mike Tyson, katswiri wa nkhonya uja, kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Nyuzipepala zinadzaza. Koma pali magulu amene tinakhala nawo pansi, amene analipira zonse, analima, anakolola, ndipo wogula uja sanaonekenso. Tangoganizani kukhala ndi katundu m'nyumba amene sungadye, sungapatse nkhuku, ndipo ukamugulitsa kwa wina aliyense wapalamula. Fodya akakanidwa ku Kanengo umabwerera naye n'kukasankhanso. Chamba cha chiphaso chikakanidwa ulibe kolowera.

Apa tichenjezane. Aliyense wobwera ku kalabu yanu ndi nkhani ya golide wobiriwira, mufunseni chiphaso chake, mufunseni mgwirizano wolembedwa wonena mtengo, sikelo ndi tsiku lolipira, ndipo mubwere nawo ku ofesi ya bungwe tiuwerengere limodzi musanasaine. Dziwaninso kuti kumene chamba chaloledwa mtengo wake umatsika. Ku Canada analoleza mu 2018, makampani analima chochuluka kuposa msika, ndipo ambiri anataya ndalama. Ku Lesotho, dziko loyamba mu Africa kupereka ziphaso mu 2017, ziphaso zinapita kwa makampani a ndalama zakunja, alimi a m'mapiri n'kupitiriza kulima mobisa monga kale.

Mu March 2024 aphungu anabwereranso ku nkhaniyi ndipo anavomereza zosintha lamulo kuti chamba cha makolo chija chizilimidwanso ndi chilolezo, potsatira pempho la a Peter Dimba. Zifukwa zimene zinamveka kwambiri zinali za ndalama zakunja zimene dziko likusowa. Za mlimi wa ku Nkhotakota amene anasunga mbewuyo zaka zonsezi, akuthamangitsidwa, sitinamve zambiri. Ngati mbewu ya makolo ili ndi phindu, mwini wake ndani? Tisadzadzuke tsiku lina n'kupeza kuti kampani yailembetsa m'dzina lake, ife tikugula m'paketi.

Palinso nkhani ya chilungamo. Mu 2022 dziko lonse linayankhula pamene mnyamata wina ku Blantyre anagamulidwa zaka 8 chifukwa chopezeka ndi matumba a chamba, pamene bwana wa kampani ina yaikulu, wopezeka akulima chamba pakhomo pake, anangolipira chindapusa n'kubwerera kuntchito. Milanduyo sinali yofanana kukula kwake, tikuvomera, ndipo chilango cha mnyamatayo chinadzachepetsedwa. Koma anthu anaona chimene anaona.

Kodi pali kumene anachita bwinoko? Ku Morocco analoleza chamba cha mankhwala ndi mafakitale mu 2021, koma anati ziphaso zolimira zipite kwa alimi a m'mapiri a Rif, kumene mbewuyi yakhala ikulimidwa kuyambira kale, kudzera m'makopaletivi awo. Mu August 2024 mfumu Mohammed VI inakhululukira alimi oposa 4,800 amene anali ndi milandu ya kulima chamba, kuti alowe mu ulimi wovomerezeka opanda mantha. Ku Bolivia nkhani yake ikutikhudza kwambiri ife a bungwe. Alimi a coca a ku Chapare anamenyana ndi asilikali kwa zaka zambiri, mpaka mu 2004 boma linavomera kuti banja lililonse la m'bungwe lizilima kamunda ka mamita 40 mulitali ndi 40 mulifupi. Oyang'anira kuti munthu asapyole malire anali mabungwe a alimi eni ake, ndipo wopyola ankalangidwa ndi anzake. Mavuto sanathe onse, koma kukhetsa mwazi kunachepa. Mtsogoleri wa alimiwo, Evo Morales, anadzakhala pulezidenti kuyambira 2006 mpaka 2019. Zimenezi sanapatsidwe pa mbale, anali ndi bungwe lolimba.

Choncho maganizo amene tikuika pamaso panu ndi awa. Tikapemphe kuti chiphaso cha kopaletivi ya alimi ang'onoang'ono chikhale ndi mtengo wakewake, wa makwacha, wolipira pang'onopang'ono kapena pokolola. Kampani iliyonse yofuna kulimitsa alimi iyambe yaika ndalama ya chikole ku boma, kuti ikathawa alimi asatsale manja lende. M'bungwe lopereka ziphaso mukhale mpando wa alimi ang'onoang'ono, wosankhidwa ndi ife. Ndipo pa nkhani yovuta ija, tikuona kuti alimi amene ali m'ndende chifukwa cha kamunda ka chamba, osati ozembetsa ndi malole, milandu yawo iunikidwenso monga anachitira ku Morocco. Tikudziwa kuti mfundo yomalizayi ena muno simugwirizana nayo, ndipo abusa amene ali kumbuyoko tawaona akupukusa mutu. N'chifukwa chake sitikufuna kuti ivomerezedwe lero ndi kuomba m'manja.

Pitani nazo ku makalabu. Mukakambirane pamodzi ndi amayi, chifukwa bambo akamangidwa amene amatsala ndi ana ndi iwowo, ndipo mwana akayamba kusuta amene amayamba kuona ndi iwonso. Alembi alembe zimene anthu anena, ngakhale zotitsutsa, ndipo makalata afike ku ofesi msonkhano wa komiti yaikulu usanachitike. Makalabu amene anataya ndalama pa ulimi umenewu abweretse malisiti ndi mapepala onse amene anasaina, chifukwa popita kwa aphungu tikufuna kunyamula umboni.