Kupeza Tinthu Toyenera Kujambula Pafupi

(Mau amene anakambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za kumidzi)



Pali phunziro limodzi limene ana a sukulu akhoza kupambana pa mayeso asanalidziwe konse, ndilo phunziro la zolengedwa. Mwana anena mosakayika kuti ciwala ciri ndi miyendo 6 ndipo kangaude ali nayo 8, koma akafunsidwa ngati anaiwerengapo yekha miyendoyo angoyang'ana pansi. Waloweza mau a pa bolodi, koma cinthu ceni-cenico sanacipenyetsetse. Nkhani ya lero iri ya cida cimodzi cothandiza pa bvuto limeneli, ndico kamera, ndipo makamaka iyankha funso lakuti: kodi mphunzitsi ajambule ciani?

Kujambula kumene kukambidwa pano m'Cingerezi akucha macro photography, ndiko kujambula kanthu kakang'ono pafupi ndithu, kotero kuti pa cithunzi kaoneka kakakulu koposa m'mene kaliri. Kale nchito imeneyi inafuna zida za mtengo wapatali. Masiku ano aphunzitsi ambiri ali ndi foni yokhala ndi kamera, ndipo galasi lokulitsa zinthu, longa lija la m'kabati ya sayansi, likagwiridwa patsogolo pa diso la kamerayo nchito itheka. Cimene cisowa kawiri-kawiri ndico kudziwa kumene munthu angaloze kamerayo.

Ena aganiza kuti cithunzi cabwino cifuna cinthu cacilendo ca kutali. Karl Blossfeldt, mphunzitsi wa zaluso ku Berlin m'dziko la Germany, anatola mphukira, masamba ndi maudzu a m'mbali mwa njira, nazijambula ndi kamera imene anapanga yekha, kuti ophunzira ace aone bwino maumbidwe a zomera. Zithunzizo zinasindikizidwa m'buku m'caka ca 1928, ndipo zichuka kufikira lero. Tsono lamulo loyamba ndi ili: cinthu coyenera kujambula ndico cimene ana aciona masiku onse, koma ciri ndi cizindikiro cimene diso licidumpha, ndipo kudziwa cizindikiroco kuli ndi phindu pa moyo wa pamudzi. Zinthu zotere zipezeka m'malo atatu amene sukulu iri yonse iri nao pafupi.

Malo oyamba ndiwo munda wa cimanga. Kumapeto kwa caka ca 2016 m'Zambia munalowa mbozi yocokera ku America, yochedwa fall armyworm, imene anthu ambiri aicha nchembere zandonda. Poyang'ana mwamsanga munthu akhoza kuiyesa kapuci, koma cithunzi ca pafupi cithetsa makani. Pamutu pa mbozi imeneyi pali cizindikiro coyera conga cilembo ca Y cozondoka, ndipo cakumcira kuli madontho 4 akuda okhala monga ngondya za bokosi. Mazira ace aikidwa pa tsamba pamodzi-pamodzi, ophimbidwa ndi tiubweya totuwa, ndipo nyengo ikakhala yofunda aswa patapita masiku awiri kapena atatu. Timbozi tating'ono tipala tsamba ndi kusiya kakhungu koonekera kuwala. Mwana amene waona zithunzi za zinthu izi akhoza kucenjeza makolo ace mbozi zisanalowe m'kati mwa nsonga ya cimanga, mmene zibisala ndi kubvuta kuzicotsa. Ndiponso mphunzitsi akhoza kutumiza cithunzi comweco kwa mlangizi wa zaulimi.

M'munda momwemo muli ndebvu za cimanga. Zikajambulidwa pafupi zioneka kuti ziri ndi timaubweya togwira mungu wogwa kucokera ku ngaiyaye. Ndebvu iri yonse iri njira ya njere imodzi, ndipo imene sinalandire mungu isiya danga pa citsononkho. Apa mwana amvetsa cifukwa cace cimanga cokhala cokha kutali ndi cinzace cibala njere zapatali-patali.

Malo aciwiri ndiwo madzi oima: m'zithaphwi, m'maenje oumbira njerwa, ndi m'mapazi a ng'ombe m'mbali mwa dambo. Mphunzitsi atunge madziwo m'botolo loyera, adikire kuti akhale bata, ndipo ajambule mphutsi za udzudzu kucokera m'mbali mwa botolo. Mphutsi ya udzudzu wa Anopheles, umene utenga malungo, igona copingasa pansi peni-peni pa nkhope ya madzi. Ya Culex ilendewera mutu uli pansi, ikupumira m'kampope ka kumcira. Udzudzu waukulu nawonso usiyana pokhala pa cipupa, pakuti Anopheles akweza thupi lace kumbuyo monga munga wolasa khoma, pamene Culex alinganiza thupi lace ndi khomalo. Wamphongo ali ndi tinyanga ta ubweya wambiri, ndipo saluma munthu. Woluma ndiye wamkazi. Kunali kupenyetsetsa kotere kumene kunathandiza Ronald Ross, ku India m'caka ca 1897, kupeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Atatha kujambula, madzi a m'botolo athiridwe pa nthaka youma.

Malo acitatu ndiwo pansi pa nthaka ndi m'nkhokwe. Pa mizu ya nsawa, nyemba ndi soya pali timibulu tating'ono timene ena atiyesa nthenda. Kambulu kamodzi kakadulidwa ndi lumo, m'kati mwace muoneka mofiirira, ndico cizindikiro cakuti mabakiteriya okhalamo ali pa nchito yotenga naitirojeni wa mu mpweya ndi kudyetsa comeraco. Cithunzi cimodzi cotere ciphunzitsa kasinthasintha wa mbeu koposa mau ambiri. M'nkhokwe muli nankafumbwe, amene pa cithunzi aoneka ndi mlomo wautali monga citamba. Wamkazi aboola njere, naikiramo dzira, natsekapo. Mphutsi idya m'kati mosaoneka, ndipo kauna kamene anthu akaona ndiko khomo lotulukira. Cifukwa cace cimanga cooneka cabwino pokolola cikhoza kukhala citalowedwa kale.

Nyengo iri yonse iri ndi zace. M'dzinja muli inswa, agulugufe, atombolombo, ndi njuci zosenza mungu pa miyendo yakumbuyo. M'miyezi yozizira ya June ndi July tizirombo ticepa, ndipo ndiyo nthawi ya mbeu za maudzu, makungwa a mitengo, nthenga za nkhanga, ngakhale mcere wa m'sitolo, umene pafupi uoneka monga tinjerwa ta mbali zofanana.

Za kajambulidwe zikwana mau ocepa. Nthawi yabwino ndiyo m'mamawa, mame asanakamuke, pakuti mphepo iri cete ndipo tizirombo tikali tozizidwa, tosafulumira kuthawa. Dzuwa la masana liika mithunzi yakuda. Pamthunzi ndipo pabwino, ndipo pepala loyera loikidwa pambali libweza kuwala ku mbali ya mdima. Kamera ikayandikira kwambiri, kagawo kakang'ono kokha ndiko kaoneka bwino, kwina konse kuli mbuu; tsono mphunzitsi asankhe cizindikiro cimene afuna, monga mutu wa mbozi, nalunjike pomwepo, zigongono zitatsamira pa njerwa kuti manja asanjenjemere. Pambali pa kanthuko paikidwe rula kapena kamtengo ka macesi, kuti ana angayese nankafumbwe ali wamkulu ngati khoswe.

Ofuna-funa tinthu tojambula akhale anawo, popeza maso ao ali pafupi ndi nthaka koposa a mphunzitsi. Gulu liri lonse lilembe m'kabuku tsiku, malo, ndi comera cimene kanthuko kanapezekapo, ndipo atatha kuona cithunzi abwerere kukaona cinthu ceni-ceni ndi kucilemba ndi pensulo. Koma acenjezedwe kuti asapise dzanja pansi pa mwala kapena m'mphako, cifukwa ca zinkhanira ndi njoka, ndiponso asagwire mbozi zaubweya kapena kuyandikira cisa ca mabvu. Mwala autembenuze ndi ndodo ndi kuubwezera pamalo pace, pakuti zolengedwa zimenezi Mlengi sanazipereke kuti ana aziseweretse.

Akulu akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Masowo alipo ndithu, pansonga pa tinyanga tiwiri tatitali, ndipo nkhono iwatulutsa pokha-pokha munthu akakhala cete. Mphunzitsi amene sanayambe nchito imeneyi ayambe ndi nkhono ya kuseri kwa kalasi, mvula ikakata, ana atakhala pansi momzungulira kufikira masowo ataoneka. Pa msonkhano ukudzawo sukulu iri yonse ipemphedwa kubwera ndi zithunzi zitatu, cimodzi ca m'munda, cina ca m'madzi, ndi cina ca m'nkhokwe, pamodzi ndi timabuku ta ana.