Tiyeze Malo Tisanakumbe Maziko: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka



Ndikuthokoza komiti pondipatsa mpata woti ndilankhule lero. Msonkhano uno wagwirizana zoti tisonkhe ndalama zomangira sukulu yathu nyumba ya makalasi awiri. Monga munthu amene ndakalambira pa ntchito yoyeza malo omangapo, ndili ndi pempho limodzi. Tisagule simenti ngakhale thumba limodzi tisanadziwe kuti pansi pa nyumbayo padzakhala patali bwanji kuchokera pamene madzi osefukira amalekezera. Ndikufunanso kuti ena mwa ife, pamodzi ndi ana amene ali pasukulu panopa, aphunzire kuyeza zimenezi ndi manja awo.

Tonse tikulidziwa dera lathu. Ukatsika kuchokera m'tauni ya Zomba kulowera ku Kachulu, ulendo wa makilomita pafupifupi 30, mapiri amatsalira kumbuyo ndipo dziko limayala ngati mphasa. Nyanja ya Chilwa ili pa mamita opitirira pang'ono 620 kuchokera pa nyanja yaikulu ya mchere, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina imathira m'menemo, koma madziwo amachoka pouma ndi dzuwa basi. Nyanjayi ndi yosaya, kotero kuti ikakwera pang'ono, gombe limasuntha mtunda wautali.

Mbiri yake ikutiphunzitsa zambiri. Idaphwa m'chaka cha 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri adagona pamatope. Nyanja ikathawa chonchi anthu amaitsatira, nalima ndi kumanga zisakasa pamene kale ankaponyapo makoka a matemba. Koma akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, ndiponso pamene namondwe wa Freddy adawomba mu Malichi 2023, boma la Zomba lidali m'gulu la maboma amene madzi adagwetsa nyumba ndi kumiza minda. Munthu womanga kuno m'mwezi wa Okutobala, nthaka ili gwaa, ayenera kuganizira za mwezi wa Febuluwale.

Vuto la malo athyathyathya n'lakuti maso amanama. Paphiri aliyense amaona kumene madzi adzalowere. Kuno malo awiri akhoza kusiyana ndi theka la mita, iwe n'kumalumbira kuti ndi ofanana. Theka la mita limenelo ndilo limasiyanitsa kalasi youma ndi kalasi imene ana amakweza mabuku pamwamba pa madesiki.

Nanga timayamba bwanji? Choyamba si chipangizo ayi, koma kufunsa. Pitani kwa agogo, kwa a mfumu, kwa asodzi, akuonetseni pamene madzi adafika chaka chimene adasefukira koposa. Kawirikawiri chizindikiro chimakhalapo ndithu: mzere wa matope pakhoma la tchalitchi kapena la mzikiti, kapena pa tsinde la mtengo. Funsani anthu atatu kapena anayi, ndipo mutenge chizindikiro chapamwamba pa zonse. Pamenepo khomani msomali waukulu pa chinthu chosasuntha, muulembe ndi penti. Ife amisiri malo otere timawatcha benchmark, ndipo miyeso yonse ya pamalopo imachokera pamenepo. Chikhomo chongozika m'dothi la makande sichidalirika, pakuti dothilo limang'aluka m'chilimwe ndi kufufuma m'dzinja, chikhomo n'kumakwera ndi kutsika nalo.

Chachiwiri ndi kusamutsa muyeso umenewo kufika pamene tikufuna kumanga. Chipangizo chotsika mtengo pa zonse ndi payipi ya pulasitiki yoonekera mkati, yotalika mamita 15 kapena 20, yonga imene amagulitsa m'mashopu a zipangizo zomangira ku Zomba. Mukaithira madzi n'kuimika nsonga zake ziwiri, madzi a mbali zonse amaima pa levulo imodzi, ngakhale payipiyo itazungulira chulu kapena ngodya ya nyumba. Wina amagwira nsonga imodzi pa msomali uja, mnzake amalemba pa mtengo wozika pamene madzi aima kumbali kwake. Mtunda ukatalika mumabwereza, kuchoka pa mtengo uwu kupita pa wina. Malamulo ake ndi ochepa: mutulutse mpweya wonse m'payipi, isapindike, musatseke kukamwa kwake ndi chala powerenga, ndipo mbali imodzi isakhale padzuwa ina ili pamthunzi, chifukwa madzi otentha amapepuka n'kukwera kuposa ozizira. Musanayambe, gundanitsani nsonga ziwirizo muone ngati madzi akufanana.

Chipangizo chachiwiri ndi makina oima pa miyendo itatu aja, amene amisiri amawatcha dumpy level. Munthu amasuzumira m'menemo n'kuwerenga manambala pa ndodo imene mnzake waimika chilili. Ambiri amaganiza kuti ndi zamatsenga, pamene ndi kuphatikiza ndi kuchotsera kwa ku pulayimale. Ndipereke chitsanzo. Msomali wathu uja tiupatse nambala yoti 10.000, kutanthauza mamita khumi. Ndodo itaima pamsomalipo tawerenga 1.250. Ndiye kuti diso la makina lili pa 11.250. Tsopano ndodo ipite pamene padzakhale kalasi, ndipo tawerenga 1.730. Tikachotsera 1.730 pa 11.250 titsala ndi 9.520. Malo athu ali masentimita 48 kunsi kwa pamene madzi adafika. Onani kuti nambala ya pandodo ikakula, ndiye kuti nthaka yatsika. Apa ndi pamene ophunzira atsopano amasokonezeka.

Tikadziwa zimenezi, tili ndi njira ziwiri. Tikhoza kufuna malo ena okwera m'bwalo la sukulu, kapena kukweza maziko. Ine ndimalangiza kuti pansi pa nyumba pakhale masentimita osachepera 30 pamwamba pa chizindikiro cha madzi, chifukwa chigumula cha mawa sichidalonjeze kuti chidzalekezera pamene chidalekezera cha dzana. Pa chitsanzo chathu, ndiye kuti tikweze ndi masentimita 78.

A Msungichuma amve bwino apa. Tiyerekeze kuti nyumba yathu ndi ya mamita 20 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi. Kulakwitsa muyeso ndi masentimita 10 okha kumabweretsa dothi lokwirira lokwana mawilibala pafupifupi 250, osawerengera mzere wina wa njerwa kuzungulira nyumba yonse. Kontilakitala akabwera pakati pa ntchito n'kunena kuti malo ndi otsika kuposa mmene ankaganizira, ndiye tiwonjezere ndalama, tidzamuyankha chiyani ngati tilibe miyeso yathuyathu yolembedwa m'buku?

Pali lamulo limodzi limene mmisiri woona salisiya: ukamaliza kuyeza, bwerera kumene udayambira. Ukachoka pa msomali pa 10.000, n'kuzungulira malo onse, uyenera kudzafikanso pa msomali womwewo n'kupeza 10.000, kapena kusiyana ndi mamilimita ochepa chabe. Ukapeza kusiyana kwa masentimita asanu, usakonze manambala ndi labala. Yambiranso. Ndiponso makina aziima pakatikati pa malo awiri amene ukuyeza, kuti ngati makinawo ali opendekeka pang'ono, cholakwa cha mbali iyi chifafanize cha mbali inayo. Manambala azilembedwa nthawi yomweyo, wolembayo n'kuwabwereza mokweza kuti wowerenga amve. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikathana ndi za kukwera, timabwera pa kuika ngodya. Nonse mukukumbukira phunziro la Pythagoras limene ena tinkalithawa pozemba pawindo. Nayi ntchito yake. Yezani mamita 3 pa chingwe chimodzi kuchokera pangodya, mamita 4 pa chinzake. Ngati pakati pa zizindikiro ziwirizo pali mamita 5 ndendende, ngodyayo ili sikweya. Mukazika zikhomo zonse zinayi, yezani mopingasa kuchoka ngodya iyi kufika ya kutsidya, mbali zonse ziwiri. Pa nyumba ya 20 ndi 8, tepi iyenera kuonetsa mamita 21.54 konsekonse. Kenaka mumakhoma matabwa opingasa kunja kwa ngodya iliyonse, pafupifupi mita imodzi kuchokera pamene mudzakumbe, onse pa levulo imodzi. Zikhomo zimazulidwa pokumba, koma matabwawo amatsala, ndipo chingwe chikamangidwanso pa misomali yake, khoma limabwerera pamalo pake.

Luso lomweli ndilo limatiuza kumene ngalande ya madzi a padenga iyenera kulowera, ndiponso kumene tiyenera kukumba zimbudzi. Kuno madzi a pansi ali pafupi. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30. Koma pa dziko loyala ngati lathuli, kumunsi n'kuti ngati sunayeze? Alimi a mpunga a ku sikimu ya Likangala amadziwa bwino kuti ndime yosasalazidwa, mbali ina mpunga umamira pamene mbali ina ukupsa ndi dzuwa.

Kwa achinyamata amene angafune kuti iyi ikhale ntchito yawo, njira ilipo. M'boma lathu lomwe lino muli Nasawa Technical College kumene amaphunzitsa ntchito zamanja, kuphatikizapo zomangamanga. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, ndilo limayang'anira maphunziro otere. Ofuna kufika pa usaveya weniweni amapita ku Blantyre, ku sukulu imene ife tinkaidziwa kuti Polytechnic, imene tsopano ndi MUBAS. Ndinene poyera kuti kuika malire a malo a lizi ndi ntchito ya saveya wovomerezeka ndi boma; zimene ndafotokozazi ndi za pamalo omangapo chabe. Ndipo atsikana asatsalire. Makina aja salemera kuposa ndowa ya madzi imene amasenza m'mawa uliwonse.

Pomaliza, Bambo Wapampando, ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, komiti igule payipi ija, tepi ya mamita 30, chingwe ndi buku lachikuto cholimba. Chachiwiri, a Mphunzitsi Wamkulu atisankhire ana khumi, anyamata asanu ndi atsikana asanu, pamodzi ndi mphunzitsi wa masamu. Ine ndibwereka makina ndi ndodo yake, ndipo ndidzabwera Loweruka katatu mvula isanayambe. Chachitatu, miyeso imene tidzapeze ilembedwe m'pangano lathu ndi womanga, ndipo asalandire gawo loyamba la malipiro mpaka anawo atayezanso maziko ake n'kupeza kuti afika pamene tidagwirizana. Bukulo lidzasungidwe mu ofesi ya sukulu kuti amene adzamange pambuyo pathu asadzayambirenso kufunsa.

Amene muli okonzeka kudzagwira tepi, lembetsani maina anu kwa a Mlembi tisanabalalike.