Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku Lopereka Zikho ku Chawama



Pamene mabungwe a Sport in Action ndi EduSport anayamba ntchito mu Lusaka muno m'zaka za 1998 ndi 1999, m'masiku owawa aja pamene edzi inali kupulula anthu ndipo njira ya ku manda a Chingwere sinali kumera udzu, mpira wa m'makomboni unasenzetsedwa katundu wolemera ndithu, wakuti uphunzitse, uchenjeze, ndi kubweza kusukulu mwana wosochera. Tsono popeza ana oyamba aja lero ndi makolo, yakwana nthawi yofunsa mosanyengerera ngati katunduyo anafika.

Makalata amene timatumiza kwa otithandiza a kunja amadzala ndi manambala a ana amene analembetsa, mipira imene inagawidwa ndi misonkhano imene inachitika. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, pakuti dzina la mwana amene anabwera tsiku limodzi kudzalandira jezi limawerengedwa mofanana ndi la iye amene anakhala zaka zisanu nasinthika mtima. Timanyadira Barbra Banda, amene anakulira m'timu ya ku Bauleni, nagoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewero awiri otsatizana ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021. Timanyadiranso Esther Phiri wa ku Mtendere, katswiri wa nkhonya. Komatu awiriwa atha kudziyankhira okha. Ine mtima wanga uli pa mtsikana wa ku Kanyama amene anali kutchinga pagolo ali ndi zaka 14: kodi analemba mayeso, kapena anakwatiwa asanakhwime? Uli pa mnyamata wa ku George amene amalawirira m'mamawa kulemba mizere ya bwalo ndi phulusa, naphunzitsa anzake zaka ndi zaka popanda ngwee imodzi: kodi iyeyo ntchitoyi yamufikitsa pati? Mayankho otere sapezeka mu ofesi ayi. Ali ndi amayi ogulitsa pamsika, ali ndi aphunzitsi oitana maina m'kalasi, ndipo ena mwa iwo adzatichititsa manyazi, koma tiwamve ndithu.

Chifukwa chake ndikupempha inu atsogoleri a matimu kuti mutsegule buku, mulembemo mwana aliyense ndi kumene ali chaka ndi chaka, ngakhale atasiya mpira, ndipo muziliwerenga pamaso pa makolo musanalitumize kutsidya la nyanja. Ndipo inu akhansala, mabwalo ambiri m'makomboni athu adulidwa mapuloti ife tikuyang'ana. Lino lokha tisungireni, chonde.