Kukonza ngalande: tigawe ntchito tisanagwire khasu

Mvula yatha ndipo yatisiyira matope m'ngalande. Tikangolengeza kuti "Loweruka tonse kungalande," anthu amabwera ndi makasu okhaokha, simenti palibe, ndipo aliyense amakumba pafupi ndi munda wake. Madzi akatsegulidwa, a kumapeto safikiridwa, mbewu zawo n'kufota. Lero tiphunzire kulemba ntchito yaikulu pamodzi ndi nthambi zake.

Ntchito yaikulu ndi imodzi. Mlembi alembe m'buku la gulu kuti: "Ntchito 1: kukonza ngalande kuyambira polowera madzi mpaka munda womaliza." Alembenso tsiku loti ithe, ndalama zonse zofunika, ndi woiyang'anira, amene ndi wapampando.

Pansi pake alembe nthambi motere:

1.1 Kutchetcha udzu ndi kudula zitsamba m'mbali mwa ngalande
1.2 Kuchotsa matope ndi mchenga
1.3 Kumata ming'alu ndi simenti
1.4 Kukonza zitseko za madzi

Nthambi iliyonse ikhale ndi mtsogoleri mmodzi wolembedwa dzina, masiku ake, zipangizo zake monga zikwanje, mafosholo ndi mawilibala, komanso ndalama zake. Musalembe kuti "gulu lonse." Ntchito ya aliyense imasowa woifunsa ikalephereka.

Onetsetsani ndondomeko. Mng'alu suoneka matope asanachoke, choncho 1.3 idikire 1.2. Mukamata, muzinyowetsa pomatapo kwa masiku osachepera 7 kuti simenti ilimbe, ndipo madzi a m'ngalande akhale otseka. Masiku amenewa muwawerengeretu, ndipo aliyense adziwitsidwe asanafese mbewu pa nazale. Koma 1.4 ingathe kuyendera limodzi ndi zinazo chifukwa siidikira ina.

Msungichuma alembe nambala ya nthambi pa lisiti iliyonse. Ngati munakonzera matumba 4 a simenti koma alowa 6, mudzadziwa kuti ndalama zapita ku 1.3, ndipo palibe kuganizirana zoipa.

Nthambi ikatha, wapampando akaione ndi maso ake asanaichonge m'buku. Ntchito 1 itsekedwe pokhapokha nthambi zonse zachongedwa ndipo madzi afika m'munda womaliza.

Tisanakumanenso sabata yamawa, yendani ngalande yonse m'magulu a anthu asanu, kope m'manja. Werengani ming'alu, yesani zitseko, ndipo mubwere ndi mayina a amene atsogolere nthambi iliyonse.