Kufunafuna Mbale Wotayika m'Ndege ya Nkhondo

Munthu wofuna mbiri ya mbale wace amene anatayika m'ndege ya mabomba pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 asalondole dzina limodzi lokha. Ndege ya Angelezi yochedwa Lancaster inkanyamula amuna 7, ndipo kawiri-kawiri anafera pamodzi; wapeza mmodzi wapeza njira ya kwa onse.

Ayambire ku Kew, mu London, kumene Boma lisunga mabuku a gulu liri lonse la ndege. M'menemo akalaliki analemba maina a okwera ndi nthawi yonyamuka; za kubwera, kamzere kokha kakuti sinabwere.

Wotero ndiye John Nettleton wa ku Natal, mtsogoleri wa gulu la 44 lochedwa Rhodesia. Mu July 1943, pocokera kukaponya mabomba ku Turin, anatayika pa nyanja, mtembo osapezeka. Dzina lace liri pa mwala ku Runnymede, pafupi ndi London, pamodzi ndi ena oposa 20,000 opanda manda. Koma kumeneko maina anawandandika monga mwa caka ndi udindo, si mwa ndege ai. Wofunayo asonkhanitsa yekha anzace a mbale wace, khoma ndi khoma.