MAU A MPHUNZITSI KWA MAKOLO A ANA A M'MAKALASI A PAMWAMBA

Ena anena kale za nyumba ya mapemphero ndi za iwo amene anaimanga. Ine ndapatsidwa mau a sukulu, ndipo ndidzanena za ana a Sitandade 5 kufikira Sitandade 8, pakuti m'makalasi amenewa ndimo titaya ana ambiri.

Tiyambe takumbukira kumene ticokera. Sukulu zoyamba za dziko lino zinali za mishoni, monga ya anansi athu a ku Malamulo, mishoni imene inayamba m'caka ca 1902. Boma linakhazika ofesi yace ya maphunziro m'caka ca 1926. Masiku amenewo anthu okhala pa malo a esiteti anali pansi pa thangata, ndipo masiku a munthu sanali ace ai, kufikira thangata linatha m'caka ca 1962. Pambuyo pace, m'caka ca 1994, Boma linacotsa malipiro a sukulu za pulaimale, nalowa ana miyandamiyanda. Cipata cinatseguka ndithu. Koma kulowa ndi kwina, kutsiriza ndi kwinanso.

Nanga cifukwa ninji mwana afooka pofika Sitandade 5? Zifukwa ziripo ziwiri. Coyamba, apa ndipo Cingerezi cimlemera, popeza mabuku a masamu, a sayansi ndi a za dziko adza m'cinenero cimeneco. Mwana wojomba masiku atatu apeza anzace apita patari, nacita manyazi kufunsa. Caciwiri, mwana wa zaka 11 kapena 12 ali ndi mphamvu tsopano: akhoza kusenza nthoci kunka nazo ku msika, kulera khanda, kupalira, ndi kugwira ganyu. Cotero sukulu imfuna, mudzi umfunanso, pa nthawi imodzimodzi.

Kuno ku Masambanjati mudziwa kuti tiyi aphuka kwambiri ndi mvula, kuyambira Disembala kufikira Epulo. Ndiyo miyezi imene atate ndi amai alawira mbandakuca kukathyola tiyi, ndiyonso miyezi ya njala ndi ya kupalira. Koma caka ca sukulu ciyamba mu Seputembala, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 kawirikawiri alembedwa mu Meyi. Onani tsono: miyezi imene mudzi usowa manja ndiyo yomwe mwana ayenera kukhala m'kalasi tsiku ndi tsiku. Thangata linalanda masiku a makolo athu. Ife tisalande masiku a ana athu ndi manja athu omwe.

Zimene ife aphunzitsi tifuna kwa mwana m'kalasi siziri zambiri. Afike belu lisanalire, atasamba. Akhale nalo kope la phunziro liri lonse, ndi colembera cace, asang'ambe masamba kukulungira zitumbuwa. Alembe nchito ya kunyumba ndi dzanja lace, ngakhale alakwitse. Pakuti colakwa ca mwana citisonyeza pamene tiyenera kubwereza, koma yankho lokopera kwa mnzace litinyenga ife ndi iye yemwe. Ayese kuyankha m'Cingerezi, ndipo anzace asamseke lilime likapunthwa. Akapanda kumva, aimike dzanja nafunse.

Ndipo kwa inu makolo tipempha zinai. Coyamba, mpatseni masiku ace onse. Mwana wodwala apite ku cipatala, mutitumizire mau. Koma tsiku la msika si matenda. Lamulo la nchito la m'caka ca 2000 liletsa kulemba nchito mwana wosafika zaka 14.

Caciwiri, mpatseni ora limodzi ndi kuunika. Madzi atungidwe ndi nkhuni zitoledwe dzuwa lisanalowe, anyamata ndi atsikana mofanana, kuti madzulo mwana akhale pansi ndi kope lace pafupi ndi nyali.

Cacitatu, penyani m'kope. Wina adzati, Ine sindidziwa kuwerenga, ndidzaonamo ciani? Amai, inu amene muzindikira nsonga ya tiyi yoyenera kuthyola pakati pa masamba ambirimbiri, simungalephere kuona ngati tsamba la lero lalembedwa kapena liri loyera, ndi ngati colembera cofiira ca mphunzitsi capitamo. Muuzeni mwana akuwerengereni mokweza, nakufotokozereni m'cinenero cathu. Akakhoza kufotokoza, wamva, akakanika, dzatiuzeni.

Cacinai, sungani ana akazi. Lamulo la maukwati la m'caka ca 2015, ndi kusintha kwa malamulo akulu a dziko m'caka ca 2017, ziika zaka 18 kukhala msinkhu wa ukwati. Mtsikana akatha msinkhu alangizidwe, apatsidwe zomthandiza pa masiku ace a kumwezi, nabwerere m'kalasi. Gulu la amai la pa sukulu liripo cifukwa ca nchito imeneyi. Ndipo iye amene anacoka cifukwa ca pakati aloledwa kubwerera atabala. Musamtsekere khomo limene Boma linamtsegulira.

Ifenso aphunzitsi tiri ndi mangawa kwa inu. Tiyenera kufika pa nthawi, kuconga makope, kuitana maina m'kaundula, ndi kulanga mwana popanda kumnyoza pamaso pa anzace. Mukaona tanyalanyaza, nenani kwa mphunzitsi wamkuru kapena ku komiti ya sukulu. Musanenere pa citsime pokha.

Akatekisi, inu muyenda m'midzi yonse, mudziwa khomo liri lonse. Mukapeza mwana pa bwalo nthawi ya sukulu, funsani cifukwa cace, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Iwo amene anamanga malo ano anaumba njerwa za nyumba zimene ena a iwo sanakhalamo. Ifenso ticite cotero: mwana ali yense amene alowa Sitandade 5 caka cino, timperekeze kufikira akhale pa mpando wa mayeso.