Mapu Oyankha Mafunso: Kuchokera pa Mjigo wa ku London Kufikira pa Kompyuta

M'chaka cha 1854 mliri wa kolera udagwa m'dera la Soho mumzinda wa London, ndipo udapha anthu oposa 600. Akuluakulu a nthaŵi imeneyo ankakhulupirira kuti nthendayi imayenda ndi mpweya wonunkha. Koma dokotala wina, John Snow, adakana zimenezi. Iye adayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene malemuwo ankatunga madzi, napeza kuti ambiri ankamwa a pa mjigo wa mumsewu wa Broad Street. Chodabwitsa n'chakuti antchito a pamalo ofululira moŵa mumsewu womwewo sadadwale, popeza ankamwa moŵa m'malo mwa madzi a pamjigowo. Akuluakulu a deralo atamva umboni wake adachotsa mkono wa mjigo uja.

Ambiri amanena kuti mapu ndiwo adamutsogolera Snow kumjigoko. Zoona zake n'zakuti mapuwo adawajambula pambuyo pake, kuti akhutiritse okayika. Pa imfa iliyonse adaika kamzere kakuda panyumba ya malirowo, ndipo timizereto tidaunjikana mozungulira mjigowo ngati nyerere pa fupa. Apa mpamene padaonekera nzeru yaikulu: ziŵerengero zikaikidwa pamalo pake, zimaulula chimene ndandanda wamba amabisa.

Komabe mapu a pepala ali ndi malire. Wofuna kudziŵa malo oyenera kubzala mitengo ayenera kusanjikiza mapu a nthaka, a mvula ndi a mapiri, kenaka n'kuyeza chigawo chilichonse ndi manja. Vutoli lidamgwera Roger Tomlinson, katswiri wa jogalafe wobadwira ku England, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Spartan Air Services ku Ottawa. Kampaniyo itapemphedwa kupeza malo a munda wa mitengo ku Kenya, iye adaona kuti ntchito ya manja idzadya ndalama zambiri, nayamba kulingalira zosandutsa mapu kukhala manambala oti kompyuta iŵerenge.

Mwayi udabwera mu 1962, pamene adakhala moyandikana m'ndege ndi Lee Pratt, mtsogoleri wa kalembera wa nthaka ya dziko la Canada. Dzikolo ndi lalikulu zedi, ndipo anthu oyeza mapu ake onse sakadakwanira. Motero mu 1963 idayambika ntchito ya Canada Geographic Information System, kholo la zonse zimene lero zimatchedwa GIS. Munthu adatha kufunsa makina kuti nthaka yabwino kulima ili mahekitala angati m'chigawo chakutichakuti, makinawo n'kuyankha.

Zotsatira zidathamanga. Mu 1965 Howard Fisher adatsegula malo ofufuzira za mapu a pakompyuta ku yunivesite ya Harvard. Mmodzi mwa amene adaphunzira kumeneko, Jack Dangermond, pamodzi ndi mkazi wake Laura, adakhazikitsa kampani ya ESRI ku Redlands, California, mu 1969, ndipo mu 1982 idatulutsa pulogalamu ya ARC/INFO. Mu 1972 kanyenyezi kopanga anthu ka Landsat kadayamba kujambula minda ndi nkhalango kuchokera mumlengalenga. Mu May 2000 boma la America lidaleka kusokoneza dala zizindikiro za GPS zimene anthu wamba ankalandira, ndipo kuloza malo kudakhala kolondola koposa kale.

Tomlinson adamwalira mu 2014, mapu otere atalowa kale m'mafoni a m'manja. Ku Soho, pafupi ndi pamene padali mjigo uja, lero paima chifanizo chake chopanda mkono.